Malaisha Sapita ku Ndola

Lolemba, 6 Malichi 2023

Tamvera pa wailesi ngati uthenga wa maliro a munthu wachilendo. Nkhani za 1 koloko. Akuti kuyambira mwezi wa mawa Malaisha United izikasewerera ku Ndola masewero ake apakhomo. Akuti yapeza kampani yoithandiza, ija ya juga za pa foni, ndipo dzina loti Malaisha lichoka. Amalankhula ndi Ba Sinyangwe, mlembi wa timu. Anati masapota onse alandira ndi manja awiri.

Kaundula wa masapota ndimasunga ndine kuyambira 2004. Mayina 1,146. Palibe ndi mmodzi yemwe amene wafunsidwa.

Kuchoka pa geti la bwalo lathu kuno ku Chilabula kukafika ku Ndola ndi makilomita 71. Kupita ndi kubwera 142. Ati pakhomo.

Bwalo limeneli analisalaza ndi malaisha enieni, amuna owola miyala ndi fosholo pansi pa mgodi, akaweruka ku ntchito, mu 1961. Tate anali m'gulumo.

Mkazi wanga, Bana Chomba, anati, "Bashi Chomba, idyani kaye, timu si m'bale wanu." Ndinadya.

Lachiwiri, 7 Malichi

Tinakumana pa msika, pa benchi ya Bana Mpundu pamene amagulitsira chikanda ndi munkoyo, thobwa la kuno. Anthu 40 kapena kuposerapo. Bana Mpundu ndiwo amatsogolera nyimbo ku bwalo, ndiye ngakhale akamanong'ona mzere wa nsomba wonse umamva.

Ba Katongo, amene tonse timangoti Fyuzi, woimba ng'oma wathu, anabwera atapsa kale. Khutu la kumanzere silimva, choncho amaganiza kuti tonse sitimva.

"Tikatenthe ofesi! Lero lomwe!"

"Iwe Fyuzi, machesi omwe umachita kupempha," anatero Bana Mpundu. Anthu kuseka.

Ndinatulutsa kabuku ka malamulo a timu. Gawo 14. Munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a m'kaundula akasayina, komiti iyenera kuitana msonkhano wa onse, ndipo za dzina ndi za bwalo zimagamulidwa kumeneko. 1,146 kugawa patatu ndi 382.

"Ba Malampi, kwezani mawu! Mukulira ngati udzudzu!" Fyuzi ameneyo. Amanditchula choncho chifukwa cha zaka 27 zimene ndinagwira m'nyumba ya nyali ku mgodi. Ndinabwereza, mawu omwewo. Bana Mpundu anandikuwira: "Ati 382, agonthi inu!"

Asayina lero: 61.

Lachitatu, 8 Malichi

Tchuthi cha amayi. Bana Mpundu anatenga mapepala n'kupita nawo ku perete. 148. Onse pamodzi 209.

Pepala limodzi labwera ndi mafuta a chikanda. Mayina akuwerengeka.

Lachinayi, 9 Malichi

Seksheni 3 ndi 4, khomo ndi khomo. Mvula. 77. Tafika 286.

Pobwerera, galimoto ya tcheyamani inaima pambali panga pafupi ndi chigayo. Ba Chifwembe. Anali kapitawo wa shifiti pansi pa mgodi nthawi imene ine ndinali ku nyali, ndiye timadziwana kuyambira tsitsi lili lakuda. Anatsitsa galasi.

"Ba Malampi, mwanyowa. Kwerani."

"Ndafika kale, mukwai."

Anayang'ana jumbo ya mapepala. Anati mgodi unasiya kutithandiza mu 2019, basi yathu yakhala pa njerwa zaka ziwiri, a ligi akudandaula za mpanda ndi zimbudzi chaka ndi chaka. Anati, "Ndayenda makampani 11. Yavomera imodzi. Mukufuna dzina kapena mukufuna timu?"

Ndinati, "Tikufuna kufunsidwa."

"Ndikakufunsani mukana."

"Ndiye mukudziwa kale."

Anakweza galasi. Za basi ndi zimbudzi sananame. Ndalemba kuti ndisadzanene kuti ananama.

Lachisanu, 10 Malichi

54. Tafika 340. Atsala 42. Bondo likuwawa.

Loweruka, 11 Malichi

Timu inali koyenda, tinamvera pa wailesi pa msika. Tagonja 1-0, chigoli cha mphindi 84. Anthu akakwiya amasayina msanga: 69. Tafika 409. Tapitirira ndi 27.

Fyuzi anaimba ng'oma ngati tapambana. Mayi wa tomato anamuponyera tomato wowola, iye anati ndi mvula ya madalitso.

Lachiwiri, 14 Malichi

Dzulo linali tchuthi, ndiye ndapereka lero, 9 koloko, ku ofesi ya timu. Ndinavala jekete. Bana Mpundu anandiperekeza.

Ba Sinyangwe ndi munthu wa sukulu, wa zaka za m'ma 30, mafoni awiri. Sanatipatse mpando. Anatenga cholembera chofiira n'kuyamba kudula paliponse pamene munthu anadinda chala.

"Lamulo likuti kusayina. Ichi ndi chala."

Ndinati, "Ku mgodi ankalandirira penshoni chala chomwecho."

"Kuno si ku mgodi, ba tata."

Anadula 58. 409 kuchotsa 58 ndi 351. Taperewera 31.

Bana Mpundu anati, "Mwana iwe, zala zimene ukudulazo ndi zimene zinakumba maziko a ofesi ino. Iwe unali kuti? Unali madzi m'msana mwa atate ako." Ba Sinyangwe anati tituluke. Tinatuluka. Mapepala ndinatenga, sindinasiye ngakhale limodzi.

Lachitatu, 15 Malichi

Tatsegula sukulu. Pansi pa mpeyala kuseri kwa msika, mabenchi atatu obwereka ku tchalitchi. Ophunzira 44 mwa 58 aja. Wamng'ono ali ndi zaka 59. Aphunzitsi ndine, wa Giredi 7.

Aliyense ndinamulembera dzina lake pamwamba pa pepala ndi zilembo zazikulu, iye azitsatira. Ba Mwelwa, zaka 83, amene anagwira makina obowola mwala zaka 30, anathyola mapensulo awiri. M wawo akuoneka ngati mapiri a miyala ya ku mgodi. Anati, "Kachinthu kopepuka chonchi n'kundituluka thukuta ine?"

"Gwirani ngati mukugwira mkazi, osati ngati chitsulo," anatero Bana Mpundu.

"Mkazi ndinaiwala. Chitsulo ndikukumbuka."

Ba Nkonde anapempha kuti tiwafupikitsire dzina. Ndinakana. Liyenera kufanana ndi la m'kaundula.

Lachinayi, 16 Malichi

Sukulu tsiku lachiwiri. Asayina ndi dzanja lawo, ine ndikuona: 41. Atatu manja akunjenjemera kwambiri, ndawauza kuti asadandaule. Ba Mwelwa atamaliza anayang'ana pepala nthawi yaitali, kenako anapempha lina loti akaonetse kunyumba.

351 kuphatikiza 41 ndi 392. Tapitirira ndi 10.

Lachisanu, 17 Malichi

Ofesi yokhoma. Pa chitseko pali pepala. Ndalikopera lonse, koma mitu yake ndi iyi:

Komiti ikuzindikira okhawo amene analembetsa pa foni. Kaundula wakale watha ntchito. Masewero a mawa ndi omaliza pa Chilabula. Mafosholo ndi oletsedwa m'bwalo. Lolemba lole idzatenga mapolo a golo, zikho ndi katundu, ndipo bwalo lidzakhomedwa.

Ndinalowetsa mapepala athu pansi pa chitseko? Ayi. Ndinaganiza, n'kubwerera nawo. Pansi pa chitseko pamadutsa makoswe.

Ndinafika kunyumba mapepala ali m'manja. Bana Chomba anandiyang'ana n'kuzimitsa wailesi okha.

Loweruka, 18 Malichi

Anthu ochuluka kuposa tsiku lina lililonse chichokereni 2016. Alonda pa geti analanda mafosholo 34. Chiyambire timu ino, ikagoletsa timamenyanitsa mafosholo m'mwamba. Lero tinamenya malata a mpanda ndi manja. Bana Mpundu anayambitsa nyimbo yatsopano, mawu ake awiri okha, "Tifunseni, Chifwembe," bwalo lonse kuvomera mphindi 90. Ngakhale masapota a alendo analowamo.

Tapambana 2-0. Zonse ziwiri Lombe, kaputeni.

Atatha masewero anthu anazungulira galimoto ya tcheyamani. Fyuzi ali ndi theka la njerwa m'manja. Sindikudziwa mmene ndinafikira, ndinangopezeka ndaima pakati pa iye ndi galasi.

"Chokani, Ba Malampi!"

"Mune, mnzanga, ukaswa galasi limodzi, mawa wailesi inena kuti ndife zigawenga, geti lidzakhomedwa ndi apolisi. Ukhala utawagwirira ntchito."

"Ati chiyani?"

Ndinapita ku khutu la kumanja n'kubwereza. Galimoto inadutsa. Fyuzi anaponya njerwa pansi, pafupi ndi phazi langa. Anati, "Ndiye titani? Tiziphunzira a, e, i mpaka atenge golo?"

Sindinakonzekere. Zinangotuluka. Ndinati, "Nambala yako ya ku mgodi ukadali nayo?"

Anandiyang'ana. Kwa nthawi yoyamba sanakuwe. Anati ili m'kachitini, pamodzi ndi khadi la chipatala.

Lamulungu, 19 Malichi

Ku tchalitchi ndinapita thupi lokha.

Masana tinakhoma bolodi kwa Fyuzi. Zitseko ziwiri zakale, misomali 300, mizere 15 ya misomali 20.

Ndilembe bwino, mwina wina adzawerenga amene sanatsikeko. Aliyense wa ku mgodi anali ndi nambala yake, kachitsulo ka mkuwa kobowola. Ukamatsika umaipachika pa bolodi. Ukatuluka umaichotsa wekha, ndi dzanja lako. Nambala ikatsala pa bolodi ndiye kuti pansi pali munthu. Sipaphulitsidwa mwala, sipakhomedwa geti, kapitawo sapita kwawo. Ndipo nambala ya mnzako suigwira, ngakhale atakhala m'bale wako wa bere limodzi. Mgodi utatichotsa ntchito, ambiri tinapita nazo kunyumba.

Mawa tilowa m'bwalo m'mawa, tipachika manambala pa geti, tikhala pansi. Basi.

Ndikudziwa pamene ndikulasa. Lachiwiri, 19 Ogasiti 1997. Mnyamata wina wa shifiti ya Ba Chifwembe anamuchotsera Fyuzi nambala, poganiza kuti watuluka kale ndipo waiwala. Ankati akumuthandiza. Bolodi inaoneka yoyera. Ba Chifwembe anasayina kuti aphulitse. Ine ku nyali ndinaona kuti nyali 2208 sinabwere, ndinathamanga, ndinachedwa ndi mphindi zinayi. Fyuzi anatuluka wamoyo, wopanda khutu limodzi ndi zala ziwiri. Ba Chifwembe anagona pa benchi ya chipatala masiku asanu ndi limodzi. Nkhani imeneyi sitiikamba, atatufe.

Ndinamufunsa Fyuzi ngati akulola. Anakhoma msomali wina, kenako anati, "Yanga ikhale pamwamba."

Bana Mpundu ayenda m'maseksheni kuuza anthu. Ati amasiye abwere ndi za amuna awo.

Bana Chomba: "Mukamangidwa ine sindibweretsa chakudya." Kenako anandisitira jekete.

Lolemba, 20 Malichi

Ndilemba mwa dongosolo.

6:00. Mlonda wa bwalo anatitsegulira yekha. Bambo ake anali malaisha. Tinaimika bolodi pa geti, kuyang'ana kumsewu. Ndinakhala pambali ndi kope, aliyense akapachika ndilembe nambala ndi msomali wake, monga kale. Ya Fyuzi msomali woyamba. Yanga wachiwiri.

Pofika 8:30, manambala 263. Mwa amenewa 71 ndi a anthu amene anamwalira, abwera nawo akazi awo kapena ana awo. Bana Mpundu anapachika ya amuna awo n'kuipukuta ndi chitenje. Tonse tinalowa n'kukhala pa udzu. Palibe ng'oma, palibe nyimbo. Ndinawapempha choncho.

9:10. Lole. Kumbuyo kwake galimoto ya tcheyamani. Anatsika Ba Sinyangwe okha, loko wamkulu watsopano m'manja, akadali m'pepala lake. Tcheyamani anakhala m'galimoto.

"Izi ndiye ziti? Mwayamba zamankhwala?"

Ndinati, "M'katimu muli anthu, mukwai."

"Ndikuwaona. Atuluke, tikufuna kukhoma."

"Akatuluka adzachotsa manambala awo."

Anaseka. Anati, "Zitsulo zadzimbirizi?" Bana Mpundu ali pa udzu anati, "Mkuwa suchita dzimbiri, wa sukulu iwe." Ena anaseka pang'ono.

Ndiye Ba Sinyangwe anatenga ndowa ya mlonda, n'kuyamba kukokolola manambala ndi dzanja, kuyambira pamwamba. Ngwe, ngwe, ngwe m'ndowa.

Sindinamvepo chete wotero pa Chilabula. Anthu anaimirira mmodzimmodzi, koma palibe anasuntha. Ba Mwelwa anavula chipewa. Mayi wina kumbuyo anayamba kulira chapansipansi. Ba Sinyangwe sanadziwe chimene achita, ndipo ndikhulupirira kuti sanadziwedi. Sanatsikeko.

Fyuzi anayenda mpaka pa geti. Ndinaopa. Koma anangoima m'kati, n'kukweza dzanja la kumanzere, la zala zitatu lija, kuloza ku galimoto.

Chitseko cha galimoto chinatseguka.

"Sinyangwe. Tula ndowa."

"Ba Tcheyamani, ndi zitsulo chabe, lole ikudikira..."

"Ndati tula!"

Mawu amenewo ndinawamva komaliza pansi pa shafiti. Ndowa inatulidwa.

Ba Chifwembe anabwera pang'onopang'ono. Anaima pa bolodi, manja kumbuyo, kuwerenga manambala otsala. Ena ankawatchula mayina chamumtima, milomo yokha ikuyenda. Kenako anati, osandiyang'ana, "Ba Malampi, wachotsa angati?"

Ndinawerenga misomali. "47."

"Abwezere. Iliyonse pa msomali wake. Muwerengereni."

Ndinawerenga m'kope. Ba Sinyangwe ankafufuza m'ndowa, kupeza, kupachika. Zinatenga mphindi 25. Thukuta mpaka tayi. Palibe anamunyoza, ngakhale Bana Mpundu. Ya 2208 inapezeka pansi penipeni pa ndowa.

Atamaliza, Ba Chifwembe anati, "Pansi pali angati?"

"263, bwana."

"Atuluka liti?"

"Mukaitana msonkhano."

Woyendetsa lole anazimitsa injini. Kenako Ba Chifwembe anati, motsitsa, kuti ndimve ine ndekha, akunditchula dzina langa lenileni, "Mwandilasa pa chilonda, Kapembwa."

Ndinati, "Ndikudziwa, mukwai."

"Mudzaipha timuyi."

"Mwina. Koma tidzakhala titafunsidwa."

Anatembenukira ku bwalo. "Loweruka, 10 koloko, pompano! Kaundula wa Ba Malampi!" Ndinamupatsa kope kuti alembe ndi kusayina. Analemba. Ndinaika deti ndi nthawi: 10:05.

Anthu anatuluka pa mzere, aliyense kuchotsa yake. Ba Chifwembe sanachoke mpaka bolodi itayera, 11:35. Lole inabwerera yopanda kanthu. Woyendetsa anagula chikanda cha pa njira.

Fyuzi wayambanso kukuwa. Akuuza msika wonse kuti nzeru inali yake.

Lachiwiri, 21 Malichi

Ndagona mpaka 8. Sizinachitikepo.

Lachitatu, 22 Malichi

Kunabwera Lombe, kaputeni. Anakana kulowa m'nyumba, tinaima pa mpanda.

"Ba tata, mwatilakwira."

Anati ali ndi zaka 27. Anati ku Ndola kuli udzu wosathyola mwendo, kuli makamera, munthu ukagoletsa dziko limaona. Ku Malaisha wagoletsa zigoli 58 ndipo amene aona ndi ife tokha ndi mbuzi. Anati, "Inu munasewera kale moyo wanu. Ife mukufuna tikalambire pa fumbi kuti muzimenya mafosholo?"

Zigoli ndi 59, anaiwala cha ku Kabwe. Sindinamukonze.

Ndinati Loweruka abwere alankhule, ali m'kaundula, nambala 903. Anati, "Adzandikuwiza." Ndinati ndidzaima pambali pake. Anaseka mopanda chimwemwe: "Inu, mawu anuwo?"

Bana Chomba anamva zonse pa zenera. Anati, "Mwanayo sananame." Ndinati sindinati wanama.

Lachinayi, 23 Malichi

Kalata ya kampani yamatidwa pa chitseko cha ofesi. Tikakana, achoka, ndipo basi imene anabwereka timu kuyambira Janyuwale aitenga tsiku lomwelo. Anthu ankawerenga n'kumachoka mwakachetechete.

Ba Nkonde anandifunsa ngati munthu amene anasayina angathe kuvotera Ndola. Ndinati inde. Munasayinira msonkhano, osati yankho.

Lachisanu, 24 Malichi

Ndakopera kaundula yense kawiri. Dzanja latupa.

Loweruka, 25 Malichi

Abwera 729. Ndinawachonga pa geti mmodzimmodzi, Ba Sinyangwe ali pambali panga ndi kope lachiwiri. Lero anandipatsa moni, anati "ba tata" mwa ulemu.

Ba Chifwembe analankhula mphindi 20, za basi, za mpanda, za makampani 11. Anthu anamvetsera. Lombe ataimirira ena anayamba kukuwiza. Ndinapita kukaima pambali pake monga ndinalonjeza. Sizinathandize. Anathandiza ndi Bana Mpundu: "Khalani chete, agalu inu! Akagoletsa mumamunyamula, akalankhula mukumuuwa?" Lombe analankhula mpaka kumaliza. Analankhula bwino.

Anthu anandipempha kuti nanenso ndinenepo. Ndinati, "Ine ndinafuna kuti mufunsidwe. Mwafunsidwa. Ine ndiima ku golo la ku shafiti." Fyuzi anakuwa kuti sanamve, anthu anaseka, ndinakhala pansi.

Kuvota: ofuna kutsala aime ku golo la ku shafiti, ofuna Ndola ku golo la ku msika. Tinawerenga awiri, ine ndi Ba Sinyangwe, kawiri, kugwira phewa la aliyense.

Ku msika: 212. Osewera onse anali kumeneko. Ba Nkonde. Ndipo wa nambala 88 pa mzere, Bana Chomba, atavala chitenje cha ku tchalitchi, akundiyang'ana m'maso. Ndinagwira phewa n'kupitirira. Anati, "Muwerenge bwino." Ndinawerenga bwino.

Ku shafiti: 517.

517 ndi 212 ndi 729. Zakwana.

Mafosholo sindikudziwa anachokera kuti. Phokoso mpaka akhwangwala anathawa pa nsanja ya shafiti. Fyuzi anagwa ndi ng'oma yake, anapitiriza kuimba ali chagada.

Phokoso litachepa Ba Chifwembe anaimirira. Anati amva. Anati sangatsogolere njira imene sakuikhulupirira, ndiye iye ndi komiti yake atula pansi. Anatulutsa mpukutu wa makiyi m'thumba n'kuuika pa tebulo, pamwamba pa kaundula wanga. Anati, "Mpaka mutasankha ena, asunge amene amadziwa kuwerenga." Anagwira Fyuzi pa phewa podutsa. Anapita wapansi, galimoto anaisiyira Ba Sinyangwe.

3:40 masana basi ya kampani inatuluka pa geti, yopanda munthu.

Makiyi ndi 9. Palibe ndi imodzi yomwe yolembedwa.

Lamulungu, 26 Malichi

Ine ndi Bana Chomba tinapita ku tchalitchi limodzi, tinabwera limodzi. Za dzulo sitinakambe. Pa chakudya anati, "Ndiye mwapambana. Loweruka akusewera kuti?"

Ku Solwezi.

Ofunika kupita: osewera 18, kochi, womuthandiza, wa mankhwala, wa jezi, ndi mmodzi wa komiti, imene kulibe. Mipando 23. Mlamu wa Bana Mpundu ali ndi minibasi ya anthu 14, akuti aganiza. Atsala 9.

Fyuzi akuti osewera akwere lole ya makala, afike atakwiya.

Lolemba, 27 Malichi

6:20 kugogoda. Kochi, Ba Silwamba, ali ndi thumba la mipira pa phewa.

"Ba Malampi, akuti makiyi ali ndi inu. Anyamata ali pa geti."

"Abwera?"

"Bwerani muone nokha. Ine sindiwerenga, ndimangokuwa."

Ndinavala nsapato popanda sokosi. Pa geti, 19 mwa 26. Atakhala pa ngalande. Lombe anali kumapeto, nsapato za mpira zili m'khosi. Sanandipatse moni. Sanachokenso.

Mlonda anali atapita ku maliro ku Seksheni 2 ndi kiyi yake. Ndinayamba kuyesa. Yoyamba ayi. Yachiwiri inalowa koma osazungulira. Anyamata onse akuyang'ana. Wina kumbuyo anati, "Komiti yatsopano imeneyo," ena kuseka.

Yachisanu ndi chiwiri inatsegula.

Lombe anadzuka, anakankha geti mbali yolimba ija imene imafuna anthu awiri. Podutsa anati, "Ba tata, laimu wa mizere watha. Ndipo Loweruka musatikweze lole."

Ndinati ndamva. Ndamanga kaulusi kofiira pa kiyi ya geti. Zatsala 8 zoti ndidziwe zitseko zake.